Mafunso ndi Mayankho: Kodi Kulira kwa Mitanda ya Padenga la Galimoto Kumachokera Kuti?

FUNSO: Akonzi, ndinapangitsa kaliyala kwa owotcherera zitsulo kuti ndizinyamulira katundu padenga la galimoto yanga, ndipo ntchito yawo njosadandaulitsa, koma chiikireni mitanda yake iwiri, ndikangoti ndathamanga pang'ono mumsewu wa M1, pamayamba kung'ung'uza kumene kumanka kukulirakulira mpaka wailesi osamveka. Amakaniko ayang'ana injini ndi mawilo, sanapeze kanthu. Kodi liwu limeneli limachokera kuti, popeza chitsulo chilibe pakamwa?
Wowerenga wa ku Dedza

YANKHO: Bambo, mwachita bwino kufunsa, pakuti safunsa anadya phula, ndipo alipo anzanu amene, pakumva liwu lomweli, anathamangira kukasinthitsa zitsulo za m'mawilo zimene zinalibe chifukwa chilichonse. Mtima wanu ukhale m'malo: galimoto yanu sikudwala ayi. Chikulira ndi mphepo, ndipo mtanda wanu wangoipatsa poimbira.

Mphepo ikaomba pa chinthu chobulungira monga paipi imagawikana pawiri, ina nidzera pamwamba, ina pansi. Ndipo chikhala kuti inali kuyenda mwachifatse, bwenzi ikukakumananso kuseri mwamtendere. Koma popeza ili pa liwiro, imalephera kukhota motsata msana wa paipiyo, choncho imatayana nacho chitsulocho ndi kupotoloka kukhala kamvulumvulu wamng'ono. Chozizwitsa nchakuti akamvulumvulu amenewa sabadwa pamodzi ngati mapasa. Wapamwamba amakula nachoka, wapansi natsatira, kenaka wapamwambanso, mosinthanasinthana ndi mosaphonya nthawi. Ndipo aliyense pochoka amakankha mpweya pamodzi ndi mtandawo, uyu kukankhira m'mwamba, mnzake kukankhira pansi. Kukankha kumeneku kukachitika kambirimbiri pa sekondi imodzi, khutu la munthu silingathe kukuwerenga, koma limangokumva ngati liwu limodzi lokhazikika. Wofuna kuona ndi maso ake aime pamlatho nthawi ya dzinja, ayang'ane kumunsi kwa mzati kumene madzi akulowera: adzaona timaenje ta madzi tozungulira tikuchoka pamzatipo, ka kumanzere, ka kumanja, ka kumanzerenso, titanyamula tizinyalala m'mizere iwiri. Zimene madzi amachita poyera, mphepo imazichita mobisika padenga panupo.

Anthu analimva liwuli kalekale asanalimvetse. Mu 1650 wansembe wina wa ku Germany wokhala ku Rome, Athanasius Kircher, analongosola m'buku za zeze woimbidwa ndi mphepo yokha, wopanda chala cha munthu; ndipo kufikira lero akatswiri amatchula maliwu otere ndi dzina la Aeolus, amene Agiriki akale ankati ndiye msungi wa mphepo. Koma amene anayamba kuyeza ndi Vincenc Strouhal, mbadwa ya ku Bohemia, amene mu 1878 anamangirira mawaya pa chida chozungulira, nawazunguza mumpweya pa liwiro losiyanasiyana, namvetsera. Anapeza chinthu chimene sichikadayembekezeka kwa womanga zeze aliyense: kukwera kapena kutsika kwa liwulo sikunadalire kutalika kwa waya, kapena kukungika kwake, koma zinthu ziwiri zokha, liwiro la mphepo ndi kunenepa kwa wayayo. Chifukwa chake chenicheni Strouhal sanachione. Chaka chotsatira Lord Rayleigh ku England anasonyeza kuti chingwe chimanjenjemera mopingasa mphepo osati motsata njira yake. Mu 1908 Henri Bénard wa ku France anajambula zithunzi za mizere ya akamvulumvulu m'madzi. Ndipo mu 1911, ku Göttingen, kumene wophunzira wina dzina lake Karl Hiemenz anali kuvutika kusalaza ndi kuwongola zida zake, poganiza kuti kugwedezeka kwa madzi kuseri kwa chitsulo chobulungira kunali kulakwa kwa kapangidwe, Theodore von Kármán wa ku Hungary anakhala pansi ndi masamu, nasonyeza kuti mizere iwiri ija singakhazikike mwa njira ina koma yosinthanasinthanayo. Mutu umodzi susenza denga. Anafunika amuna a maiko angapo ndi zaka zoposa 30 kuti funso lanuli liyankhidwe.

Masamu a Strouhal mungawachite nokha. Tengani liwiro la mphepo m'mamita pa sekondi, muligawe ndi kunenepa kwa mtanda m'mamita, ndipo chimene mwapezacho muchichulukitse ndi 0.2. Galimoto yoyenda makilomita 100 pa ola imadula mamita pafupifupi 28 pa sekondi. Ngati paipi yanu njonenepa masentimita 3, ndiye kuti mphepo ikugunda pafupifupi ka 185 pa sekondi, limene ndi liwu loti mwamuna angaliimbe osadzikakamiza, ndipo nchifukwa chake limadzaza galimoto yonse, denga lachitsulo la galimotoyo likulilandira kudzera m'miyendo ya kaliyala. Mukatsika kufika pa makilomita 50, liwulo limatsikanso ndi theka. Koma ukali wake sutsata liwiro mwachilungamo chotero ayi: mphamvu ya phokoso la mtundu uwu imakula mofulumira koopsa, kotero kuti wochoka pa makilomita 100 kufika pa 120 amaichulukitsa pafupifupi katatu. Apa mpamene pagona chinsinsi chakuti mumzinda simumva kanthu, koma mukangotuluka kunja, nyimbo yayamba.

Kuti mutsimikize kuti wolakwa ndi mtanda, kulungani chiguduli pa mtanda wakutsogolo, muchimange zolimba, muyende pamsewu womwewo ndi liwiro lomwelo. Liwu likasintha kapena kuzimirira, amakaniko anu ananena zoona.

FUNSO: Amuna anga anakulunga chingwe mopotapota pa mitanda ya galimoto yathu, akuti anamva kwa anzawo kuti phokoso limatha. Zoonadi linachepa. Nzeru imeneyi inayamba ndi yani, ndipo chingwe wamba chingatontholetse bwanji mphepo?
Wowerenga wa ku Mzuzu

YANKHO: Mayi, bambo akunyumbawo musawaseke, pakuti chimene achita ndi chingwe cha pamsika ndi chomwecho chimene akatswiri amachita ndi zitsulo za ndalama zambiri pa machumuni a mafakitale.

Mphamvu ya liwu lija sikhala mwa kamvulumvulu mmodzi, amene payekha ngwochepa ndithu; imakhala m'chigwirizano chawo. Pa paipi yosalala, yofanana kuyambira kumanzere kufikira kumanja, mphepo imatayana ndi chitsulo pa mzere umodzi wowongoka, kotero kuti mtanda wonse, utali wake woposa mita, umabala kamvulumvulu pa nthawi imodzi, monga amayi osinja m'mitondo amene misi yawo imagwa pa kugunda kumodzi. Tsono chingwe chopotedwa chimasokoneza mzere umenewo: apa mphepo yapunthwa pa chingwe msanga, apo yachedwa, patsogolo pang'ono chingwe chili kunsi, kwinako chili kuseri; motero chigawo chilichonse cha mtanda chimabala pa nthawi yakeyake, kukankha kwa ichi nikufafaniza kukankha kwa icho, ndipo m'malo mwa liwu limodzi loboola m'khutu mumatsala kuwomba wamba kwa mphepo, kumene munthu amakuiwala posakhalitsa. Mphepo simunaichepetse ayi. Mwangoilanda umodzi wake.

Nzeruyi inakhazikitsidwa ku National Physical Laboratory, ku Teddington pafupi ndi London, kumene mu 1957 Christopher Scruton ndi mnzake Walshe anali kufunafuna njira yotetezera machumuni aatali achitsulo. Pa chinthu chachikulu chotero akamvulumvulu saimba koma amagwedeza, ndipo kugunda kwawo kukalingana ndi kagwedezekedwe ka chumuniyo, chitsulo chimapepera uku ndi uku kufikira chitatopa ndi kung'aluka. Mankhwala amene anapeza anali mizere itatu ya chitsulo yokwera mozungulira chigawo chapamwamba cha chumuni, yotumphuka ngati gawo limodzi mwa magawo 10 a kunenepa kwake. Mukaona chumuni ya fakitale yokhala ngati yazengeredwa ndi mtengo woyanga, mwaona ntchito ya Scruton. Ndipo mukayang'anitsitsa eriyo ya wailesi pa magalimoto ambiri, mudzapeza kawaya kopotedwa kuyambira pansi kufikira kunsonga, kamene ambiri amakayesa kokometsera chabe, pamene kanaikidwa kuti eriyoyo isaimbe mluzu.

Pali chimodzi chimene ndikupemphani mukaonetsetse kunyumbako, chifukwa mpamene ambiri amalakwitsa pofuna kuchita bwino koposa. Chingwe chisakulungidwe mothithikana, mpota kugundana ndi mpota unzake. Pakutero mwangopanga paipi ina yonenepa, imene idzang'ung'uza monga kale, kungoti ndi liwu lotsikirapo. Pakati pa mpota ndi mpota pazikhala danga la zala zitatu kapena zinayi, chitsulo chizioneka. Chingwe chikhale cha mamilimita 4 kapena 6, chokungika, chomangidwa mfundo yolimba kunsonga zonse ziwiri, ndipo nsonga zotsalazo zidulidwe kuti zisakwapule utoto wa padenga. Dzuwa ndi mvula zimadya chingwe, choncho muzichiyendera, pakuti chothothoka pa liwiro chingathe kuvulaza wapanjinga amene akubwera pambuyo panu. Ndinenenso poyera kuti chingwe chimagula bata lokha. Mafuta sichipulumutsa, popeza mtanda wokulungidwa umakaniza mphepo monga kale, kapena kuposerapo pang'ono.

FUNSO: Ndinagula mitanda yodula, yophwatalala ngati phiko la ndege, koma nayonso ikuimba mluzu. Kodi anandinamiza?
Wowerenga wa ku Lusaka

YANKHO: Sindikhulupirira kuti anakunamizani, bambo. Makampani monga Thule ya ku Sweden, imene inayambika ku Hillerstorp mu 1942, anagulitsa kwa zaka zambiri mitanda ya ngodya zinayi, ndipo anzawo ena yobulungira, asanatembenukire ku maonekedwe a phiko. Ndipo phikolo ndi yankho loona, pakuti mchira wake wosongoka umaperekeza mphepo yapamwamba ndi yapansi kufikira zitakumananso mwaulemu, osasiya malo obadwira kamvulumvulu wamkulu. Chinthu chowongoledwa motero chimakaniza mphepo mochepa pafupifupi kakhumi poyerekeza ndi paipi yonenepa mofanana nacho.

Yambani mwaona ngati mitandayo inaikidwa moyang'ana koyenera: mbali yonenepa ndi yobulungira iyang'ane kutsogolo, yopyapyala kumbuyo. Ambiri amaitembenuza, poganiza kuti chakuthwa ndicho chiyenera kudula mphepo, ndipo potero amataya zonse zimene analipira. Ngati ili bwino, dziwani kuti mluzu wokwera suchokera kumene kumachokera kung'ung'uza. Umabadwa pamene mphepo ikudutsa pakamwa pa bowo kapena ngalande, mpweya wa m'katimo nuyamba kunjenjemera. Yendetsani chala pamwamba pa mtanda, pamene pali ngalande yolowetsamo mabawuti, muone ngati mphira yotsekera ilipo yonse popanda mpata. Yang'anani kunsi, pafupi ndi miyendo, kumene kumatsala ming'alu yosatsekedwa. Ndipo onani zivindikiro za kunsonga ngati sizinagwe. Matani tepi pa bowo limodzi, muyende, mumvetsere, kenaka linzake, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Nthawi zina kusendeza mtanda wakutsogolo masentimita angapo cham'mbuyo, kuuchotsa mumphepo yaukali yokwera kuchokera pa galasi lakutsogolo, kumakwanira. Ndipo amene mitanda yawo njamapaipi angathenso kuika chotchinga chopendekera patsogolo pake, choti mphepo izilumpha pamwamba. Lamba wophwatalala womangira katundu nayenso amalira akakungika. Mupotoleni kamodzi kapena kawiri pamene wadutsa poyera, adzakhala chete.

Koma uphungu umene ndimaukonda kuposa wonsewu ngwakuti mitanda yopanda katundu izitsitsidwa. Akatswiri awiri a ku America, Yuche Chen ndi Alan Meier, anawerengera kuti mu 2015 zonyamulira za padenga zinamwetsa magalimoto ang'onoang'ono a dziko limenelo mafuta okwana magaloni 100 miliyoni, ndipo mbali yaikulu ya maulendowo mitandayo inali kuyenda yopanda kanthu. Ngati yanu njomasula ndi kiyi kapena sipanala, ntchitoyo njamphindi zowerengeka. Lembani chizindikiro pa wakutsogolo ndi wakumbuyo, musunge mabawuti m'kathumba kamodzi, kuti tsiku la ulendo musadzavutike pobwezeretsa.