Msika wa Magawo a Makampani ku Lusaka

Tonse tidziwa msika wa cimanga, wa nshawa ndi wa ng'ombe. Lero tikambe za msika wina wopanda matumba kapena sikelo, kumene anthu agulitsana magawo a makampani, amene ambiri awacha masheya.

Kodi gawo n'ciani? Kampani ikafuna ndarama zambiri zokumbira mgodi kapena zomangira fakitale, idula umwini wace m'zidutswa zazing'ono. Wogula cidutswa cimodzi akhala mmodzi wa eni ace. Kampani ikapindula, alandirako phindu. Ikagwa, ndarama zace zigwera pomwepo. Mwambo umenewu unakhazikika ku Amsterdam m'caka ca 1602. Ku Johannesburg msika wotere unatsegulidwa mu 1887, patangopita caka cimodzi golide atapezeka.

Ife a kum'mawa tinakhudzidwa ndi malonda amenewa tisanawadziwe n'komwe. Mu 1895 ku London kunakhazikitsidwa kampani ya North Charterland Exploration Company, imene inati dziko lalikuru la Acewa, Ansenga ndi Angoni ndi lace. Azungu amene sanapondepo kuno anagulitsana magawo ace, pamene eni nthaka anapanikizidwa m'malo ocepa, kufikira Boma linagula mbali yaikuru ya dzikolo mu 1941. Cimodzimodzi migodi ya Nkana, Mufulira, Nchanga ndi Roan Antelope: okumba mkuwa anali makolo athu, koma phindu linatsata magawo kunka kutsidya kwa nyanja.

Ufulu utabwera mu 1964, atsogoleri anafuna kubweza cuma cimeneci. Mu 1969, ku Matero, Dr Kenneth Kaunda analengeza kuti Boma lidzatenga magawo 51 mwa 100 ali onse a migodi, ndipo mu 1982 migodiyo inaphatikizidwa kukhala ZCCM. Koma mtengo wa mkuwa unagwa, ngongole zinacuruka, makampani a Boma nafoka. Boma la Frederick Chiluba, limene linalowa mu 1991, linayamba kuwagulitsa. Apa panabuka funso lalikuru: kodi agule ndani? Alendo okha-okha monga kale?

Yankho lina linali msika wathu-wathu. Lamulo lace linapangidwa mu 1993, ndipo pa 21 February 1994 Lusaka Stock Exchange inatsegula zitseko. Kampani yoyamba kulembedwa inali ya simenti ya Chilanga, mu 1995. Pambuyo pace panadza ena, monga Zambia Sugar ya ku Nakambala ndi Zambeef, ndipo mu 2008 banki ya Zanaco ndi Copperbelt Energy Corporation, imene ipereka magetsi ku migodi. Abale athu a ku Malawi nawonso anayamba malonda otere ku Blantyre mu 1996 ndi kampani ya NICO.

Lero msikawu uchedwa Lusaka Securities Exchange. Nchito zace zazikuru ndi zitatu. Uthandiza makampani kupeza ndarama popanda kudalira ngongole za banki zokha. Upatsa munthu wamba njira yokhala mwini wa kampani, ndi yogulitsa gawo lace akafuna. Ukakamizanso makampani olembedwa kuulula poyera mmene ndarama zao zayendera. Ngakhale inu amene simunagulepo gawo muli m'katimo, pakuti mabungwe osunga penshoni, monga NAPSA, aika mbali ya zopereka zanu m'magawo amenewa.

Komabe msikawu ukali waung'ono pouyerekeza ndi wa ku Johannesburg, ndipo nthawi zina wogulitsa adikira masiku asanapeze womgula. Cifukwa cace cenjerani. Magawo agulidwa kudzera mwa amkhalapakati okhala ndi cilolezo ca Securities and Exchange Commission, osati kwa munthu wa pa njira wolonjeza kuti ndarama zanu zidzabala kawiri pa mwezi umodzi. Musaikepo ndarama za sukulu ya ana kapena za feteleza, koma zokhazo zimene mungazisiye zaka zingapo, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Makolo athu anagulitsidwira nthaka ndi mkuwa pa msika umene sanauone. Ife msika tili nao pafupi, ndipo khomo lace n'lotseguka kwa wokumba mgodi ndi mlimi yemwe. Tsalani bwino.