Pabwalo la masewera mwana asasanduke "chimenecho"

Belu lopumira likalira pasukulu za ku Bembeke kapena ku Linthipe, ana n'kuyamba kugawana magulu a fulaye, tcherani khutu mumve mmene amatchulira mnzawo amene amachedwa kugwira zinthu m'mutu. "Chimenecho chikhale panja, chitigwetsa." Palibe watukwana, koma mwanayo amuchotsa kale pakati pa anthu mpira usanaponyedwe n'komwe.

Chichewa chimaika mayina m'magulu. Munthu, mwana ndi mlendo ali m'gulu limodzi, ndipo timati wabwera, wagwa, akusewera. Chidempete ndi chitsiru tinaziika pamodzi ndi chitseko ndi chipande, n'chifukwa chake pakamwa pamangotuluka kuti chabwera, chagwa. Anawo sanazipeke okha, anazitola kwa ife akuluakulu.

Wina anganene kuti Chisomo ndi Chikondi nawonso ndi mayina oyamba ndi chi-. Zoona, koma ndani anayamba wanena kuti "Chisomo chabwera" akuloza mwana wa mlongo wake? Timati Chisomo wabwera. Chinenerochi chimadziwa kubwezera munthu ulemu wake. Aulesi ndife eni ake. Mawu oti gonthi savula umunthu mwa njira imeneyo, komabe amameza dzina la mwana. Ku Mua, m'boma lathu lomweli la Dedza, kuli sukulu ya ana osamva, ndipo anawo amakambirana, kunyogodolana ndi kukangana m'chinenero chamanja. Kuwatcha osalankhula ndi bodza. Mawu oti "ana a ulumali", amene mabungwe monga FEDOMA amagwiritsa ntchito, ndi aatali pang'ono, koma lilime silithyoka nawo.

Chimene chimandiwawa kwambiri chimachokera kwa anthu a mtima wabwino. Chikhazikitsireni boma ndondomeko ya maphunziro ophatikiza mu 2017, nkhani yophunzitsa kudzera m'masewera yafika mpaka kusukulu za mmera mpoyamba, ndipo pamisonkhano mumamva wolera ana akuti, "Ana a ulumaliwa tiziwaseweretsa." Ayi, mayi. Timaseweretsa ndalama, timaseweretsa chakudya, mphaka amaseweretsa mbewa. Woseweretsedwa alibe mbali, amangochitiridwa. Munene kuti tizisewera nawo, kapenanso bwino, azisewera ndi anzawo.

Kusiyanaku kumaoneka pabwalo. Mwana woseweretsedwa amaikidwa pamkeka pakhonde, kumupatsa chidole, iye n'kumangoonerera anzake uku akunjenjemera ndi chisanu cha mu Juni. Wosewera ndi anzake amamukonzera masewerawo. Mumpira wachikulunga amakulungiramo zitsekerero za mabotolo kuti wosaona aziumva ukamagubuduzika. Paphada, wa zala zolimba amamulola kuponya mwala m'mwamba mnzake n'kumamutulutsira timiyala m'bwalomo. Pabawo sipafunika kusintha zambiri, pakuti zala zimawerenga zokha nkhomo m'maenje, ndipo masamu amene ankakanika pabolodi amayamba kulowa.

Mwana wa ulumali akalakwa, auzidwe kuti waphonya, adikire nthawi yake ngati wina aliyense. Kumulekerera nthawi zonse chifukwa cha chisoni ndi kumuseweretsa komwe kuja. Ndipo pomuitana kuti alowe m'bwalo, mphunzitsi ayambe ndiye kutchula dzina lake mokweza, pakuti ana a sitandade 1 amabwereza chilichonse chimene amva kwa aphunzitsi awo.