Mlandu wa Chombo cha Zong

Mwa milandu imene inaweruzidwa m'masiku a ukapolo, ndi yowerengeka imene ionetsa mtima wa malonda aja poyera monga mlandu wa chombo chotchedwa Zong.

Chombochi chinali cha William Gregson ndi anzake, amalonda a ku Liverpool. Mu August 1781 chinanyamuka ku Accra chitasenza akapolo 442, ndiwo ochuluka koposa muyeso wake. Eni chombo anali atapangana ndi a inshuwalansi, ndiwo anthu olandira ndalama kuti adzabwezere mwini katundu ngati katunduyo atayika pa ulendo. Tsono lamulo la mapangano otere linali ili: kapolo akafa ndi nthenda, eni chombo sapatsidwa kanthu, koma akatayidwa m'nyanja kuti chombo chipulumuke, a inshuwalansi alipira. Mtengo wa munthu mmodzi unali mapaundi 30.

Amalinyero anasokera napitirira chisumbu cha Jamaica, kumene anali kunka. Pamenepo nthenda inali itapha kale ambiri. Kuyambira pa 29 November anayamba kuponya anthu amoyo m'nyanja, poyamba akazi ndi ana, pambuyo pake amuna, kufikira anakwana ngati 130. Chombo chinakocheza ku Black River pa 22 December ndi akapolo 208 okha, ndipo kapitao wake, Luke Collingwood, anamwalira patangopita masiku owerengeka.

Eni chombo anafuna malipiro, nanena kuti madzi akumwa anali atachepa. Koma a inshuwalansi anakana. Mlandu unalowa m'bwalo ku London mu March 1783, ndipo unakomera eni chombo. Mu May a inshuwalansi anadandaulanso pamaso pa Lord Mansfield, woweruza wamkulu, ndipo kunamveka kuti mvula inagwa gulu lotsiriza lisanatayidwe. Motero oweruza analamula kuti mlanduwo uzengedwenso.

Owerenga azindikire kuti funso la bwalo silinali lakuti, ndani anapha anthu? Linali lakuti, ndani alipire katundu? Mansfield mwini anayerekeza nkhaniyi ndi kutaya akavalo m'nyanja. Olaudah Equiano, Mwafirika amene anadziombola yekha ku ukapolo, anakauza Granville Sharp za mlanduwu. Sharp anayesetsa kuti amalinyero aimbidwe mlandu wakupha, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaimbidwa.

Komabe akuluakulu anati mlandu suwola. Mbiri ya Zong inafala, nilimbitsa mitima ya odana ndi ukapolo. Mu 1788 Nyumba ya Malamulo ya ku Britain inaika malire a akapolo onyamulidwa m'chombo chimodzi. Mu 1794 inaletsa kulipira eni zombo chifukwa cha akapolo otayidwa m'nyanja. Ndipo mu 1807 inathetsa malonda a akapolo m'zombo za Angerezi. Chimene bwalo linakana kuona, anthu wamba anachiona, ndicho chakuti pangano loyesa munthu katundu ndi lokhota kuyambira pa chiyambi chake.