Thomas Maclear: katswiri wa nyenyezi yemwe dzina lake lidatsala ku Mangochi

Munthu wochokera ku Nathenje wopita kunyanja kudzera ku Dedza ndi Golomoti amakafika ku Monkey Bay, ndipo akapitirira pang'ono amafika kwa Chembe, malo omwe pamapu amalembedwa kuti Cape Maclear. Mwini wake wa dzinali sadapondeko m'dziko muno, koma ntchito yake idathandiza kuti mitsinje ndi nyanja za kuno zilembedwe pamapu pamalo pake penipeni.

A Thomas Maclear adabadwa pa 17 Malichi 1794 ku Newtownstewart m'dziko la Ireland, lomwe lidali pansi pa ufumu wa Britain. Iwo adaphunzira udokotala ndipo adagwira ntchitoyi ku Bedford ndi ku Biggleswade m'dziko la England, komwe ankafufuza za nyenyezi panthawi yawo yopuma. M'chaka cha 1833 boma la Britain lidawasankha kukhala mkulu wa malo ofufuzira zakuthambo a Royal Observatory ku Cape Town. Adafika kumeneko mu 1834 ndipo adakhala paudindowu mpaka 1870.

Ntchito yawo yaikulu idali yoyeza maonekedwe a dziko lapansi. M'zaka za m'ma 1750, katswiri wa ku France, Nicolas-Louis de Lacaille, adayeza mtunda kuchokera ku Cape Town kulowera kumpoto, ndipo zotsatira zake zidaonetsa ngati theka la kummwera la dziko lapansi n'losiyana ndi la kumpoto. Pakati pa 1841 ndi 1848 a Maclear adabwereza muyesowu ndipo adapeza kuti mphamvu yokoka ya mapiri ndiyo idasokoneza zipangizo za Lacaille. Chifukwa cha ntchitoyi, bungwe la Royal Society lidawapatsa mendulo yaulemu mu 1869.

Ubale wawo ndi dziko lino udadzera mwa David Livingstone. Mu 1852 Livingstone ali ku Cape Town, a Maclear adamuphunzitsa kudziwa malo pomwe waima poyeza dzuwa, mwezi ndi nyenyezi ndi chipangizo chotchedwa sextant. Pamaulendo ake, Livingstone ankatumiza manambala omwe wapeza ku Cape Town, ndipo a Maclear ankawawerengetsa ndi kuwakonza asadagwiritsidwe ntchito pojambula mapu. Pothokoza, Livingstone adatcha phiri lolowa m'nyanja la kwa Chembe dzina la mnzakeyo pomwe ankayendera nyanja ya Malawi paboti mu 1861.

Pamalo omwewa ndi pomwe amishoni a mpingo wa Free Church of Scotland adakhazikitsa mishoni ya Livingstonia mu 1875, asadasamukire ku Bandawe mu 1881. Malowa ali pamalo otetezedwa a Lake Malawi National Park, omwe adakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 1984.

A Maclear adalandira ulemu wotchedwa Sir mu 1860. Adasiya kuona mu 1876 ndipo adamwalira ku Cape Town pa 14 Julayi 1879.

Masiku ano akuluakulu oyeza malo amagwiritsa ntchito makina a GPS m'malo mwa sextant, koma mfundo yomwe a Maclear ankatsata sidasinthe: muyeso uliwonse uyenera kutsimikizidwa ndi munthu wachiwiri usadalembedwe pamapu kapena pachikalata cha malo.