Mboni Imene Anthu Anaiyesa Yamisala

Mwezi watha gulu lathu kuno ku Kapichila linawerenga kabuku kotchedwa Night, kolembedwa ndi Elie Wiesel, Myuda amene anapulumuka m'ndende za Anazi. Titamaliza, mtsikana wina anafunsa kuti, "Kodi machenjezo ali m'bukumu sanangowapeka kuti nkhani ikome?" Funsoli n'lalikulu, choncho tiyeni tilione pamodzi.

Wiesel anabadwa mu 1928 m'tauni ya Sighet, imene lero ili m'dziko la Romania. Buku lake likuyamba ndi Moishe, mmphawi amene ankasamalira sunagoge. Boma la Hungary, limene linkalamulira Sighet panthawiyo, linathamangitsa Ayuda obwera, ndipo Moishe anali mmodzi wa iwo. Asilikali anawatengera kunkhalango, nawakumbitsa maenje, nawawombera. Moishe anavulala mwendo ndipo anamuyesa wakufa. Atabwerera ku Sighet, anayenda khomo ndi khomo kuchenjeza anthu, koma iwo anati wapenga. Ena anati akungofuna kumveredwa chisoni.

Mu Meyi 1944, Ayuda a ku Sighet anakwezedwa sitima, m'mabogi onyamulira ng'ombe. Usiku mayi wina, Mayi Schächter, anayamba kukuwa kuti akuona moto. Anyamata anam'manga ndi kum'menya kuti akhale chete. Sitimayo itafika ku Birkenau, mbali ya ndende ya Auschwitz, onse anaona malawi akutuluka m'chumuni cha ng'anjo zotenthera mitembo. Amake a Wiesel ndi mlongo wake wamng'ono Tzipora anaphedwa kumeneko. Atate ake anamwalira ku ndende ya Buchenwald mu Januwale 1945, ndipo iye anamasulidwa pa 11 Epulo chaka chomwecho.

Tsono tibwerere ku funso lija. N'zoona kuti wolemba amasankha zoti aike patsogolo. Wiesel anakhala chete zaka khumi. Buku loyamba linatuluka mu 1956 m'chinenero cha Yiddish, ndipo la Chifalansa la mu 1958 linali lofupikitsidwa kwambiri. Koma kusankha si kunama. Zimene Moishe ankanena zikugwirizana ndi mbiri: mu Ogasiti 1941, pa Kamianets-Podilskyi, anaphedwa Ayuda oposa 20,000, ambiri mwa iwo othamangitsidwa ku Hungary. Bukuli litamasuliridwanso m'Chingerezi mu 2006, zolakwika zing'onozing'ono, monga zaka zake pofika ku Auschwitz, zinakonzedwa poyera. Munthu wonama sachita zotere. Binjamin Wilkomirski anatulutsa buku mu 1995 lonena kuti anakulira m'ndende za Anazi, koma mu 1998 zinadziwika kuti anabadwira ku Switzerland ndipo sanamangidwepo. Bodza lake linapatsa mphamvu anthu amene amakana kuti Ayuda 6 miliyoni anaphedwa.

Musaganize kuti izi ndi za ku Ulaya kokha. Tsiku loti mawa Khirisimasi mu 1981, Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera, amene anathawa ku Malawi mu 1964, anagwidwa. Boma la Dr Banda linati anagwidwira m'Malawi, koma iwo anati anachita kubedwa m'chigawo chathu chino cha kum'mawa. Mu 1983 bwalo la mafumu, kumene maloya sankaloledwa, linawaweruza kuti aphedwe, ndipo pambuyo pake chilango chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Bambo Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Mayi Chirwa anatuluka mu Januwale 1993, ndipo mu 2007 anatulutsa buku la moyo wao, Fearless Fighter. Amene ankanena za ndende zimenezo zaka zija, si onse anawakhulupirira.

Anzanga, akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Mwana wa sukulu akakuuzani kuti wina akumuchita zachipongwe, kapena mnzanu akakunong'onezani za nkhanza za kwao, musafulumire kunena kuti akupeka. Mvetserani, fufuzani, kenaka uzani akulu amene angathandize. Ndipo inunso mukakhala mboni, nenani chimene munaona basi, osaonjezera, pakuti mchere wothira pa umboni umapweteka mboni yoona imene idzabwere pambuyo panu.