Nigeria: Chigawo Chikabadwa, China Chimalira

Mu February 2025, komiti ya nyumba ya malamulo ku Nigeria idalengeza kuti yalandira mapempho oti kukhazikitsidwe zigawo zina 31 pamwamba pa 36 zomwe zilipo kale. Mwina mufunsa kuti, kodi anthu amenewa sakhuta? Ine ndikuti tiyambe taona kumene nkhaniyi idachokera.

Pomwe dzikoli linkalandira ufulu mu 1960, lidali ndi zigawo zitatu zokha, chilichonse ndi boma lake pansi pa boma lalikulu la fedulo. Kumpoto kunkamveka mawu a Ahausa ndi Afulani, kuzambwe Ayoruba, kuvuma Aigbo. Mitundu ina monga Ativ, Aijaw ndi Aibibio inkaopa kuponderezedwa. Mu 1957 atsamunda adatuma Sir Henry Willink kuti akamve madandaulowa, ndipo lipoti lake la 1958 lidati kugawa zigawo si mankhwala a mantha. Chofunika n'kulemba ufulu wa anthu m'malamulo.

Malangizowa sadakhalitse. Mu 1963 chigawo cha Mid-West chidadulidwa kuchoka kuzambwe anthu ataponya voti ya riferendamu. Dziwani kuti aka kadali koyamba komanso komaliza kuti chigawo chibadwe m'manja mwa boma la anthu wamba. Zina zonse adazilenga ndi asilikali.

Pa 27 May 1967, Yakubu Gowon adagawa dzikolo m'zigawo 12. Kuvuma adakuduladula patatu, ndipo Port Harcourt ndi zitsime zambiri za mafuta zidachoka m'manja mwa Aigbo. Patangopita masiku atatu, Odumegwu Ojukwu adalengeza dziko la Biafra, ndipo nkhondo yomwe idatsatira idatha mu January 1970. Murtala Mohammed adafikitsa zigawo pa 19 mu 1976. Ibrahim Babangida adazifikitsa pa 21 mu 1987, kenaka pa 30 mu 1991. Sani Abacha adatsekera pa 36 mu 1996.

Nanga kulirako bwanji sikudathe? Ndikaiona mbiriyi ndimapeza zifukwa ziwiri. Choyamba, ukadula chigawo, amene adali ochepa dzulo amasanduka eni ake, ndipo pansi pawo pamapezeka ena ochepa. Mid-West ija, yomwe pambuyo pake inkatchedwa Bendel, idagawidwa mu 1991 kukhala Edo ndi Delta. Lero anthu a ku Anioma, m'Delta momwemo, akufuna chawo.

Chachiwiri ndi ndalama. Mwezi ndi mwezi chuma cha dziko, chomwe chimadalira kwambiri mafuta, chimagawidwa ku Abuja, ndipo mbali ina imapita mofanana ku chigawo chilichonse. Chigawo chatsopano ndiye kuti gavanala, nduna zake, nyumba ya malamulo ndi maseneta atatu. Ndani angakane? Komatu mu 2015 zigawo zambiri zidalephera kulipira antchito ake mpaka boma la Muhammadu Buhari lidachita kuziombola. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Sindikunena kuti onse opempha ndi adyera, ayi. Dera la Aigbo lili ndi zigawo zisanu pomwe kumpoto chakuzambwe kuli zisanu ndi ziwiri, kutanthauza maseneta 15 kwa 21. Dandaulo limeneli n'lomveka. Msonkhano waukulu wa dziko wa mu 2014 udavomereza zigawo zina 18, koma zidathera papepala, poti malamulo a 1999 amafuna riferendamu, chivomerezo cha zigawo zambiri ndiponso magawo awiri mwa atatu a aphungu.

Kwa ine, funso la Willink likadalipo. Munthu wa mtundu wochepa akamakanidwa ntchito kapena malo a sukulu m'chigawo chomwe adabadwira, chimene akusowa ndi chilungamo. Mukhoza kum'jambulira malire atsopano, koma mawa mnansi wake adzabwera ndi pempho lake.