Mayi Wothira Mkaka wa ku Delft

Adzukulu anga, senderani kuno ndikuuzeni za ku Holland, dziko la madzi ndi ngalande. Kale kalelo, cha m'ma 1660, mumzinda wa Delft munali bambo wina wojambula ndi utoto wa mafuta, dzina lake Johannes Vermeer. Pa ntchito sankathamanga ayi. Zithunzi zake zomwe zilipo lero sizikwana 40.

Masiku amenewo ojambula ambiri akafuna kuonetsa wantchito wapakhomo, ankamujambula akuwodzera kapena akukopa amuna. Pa chithunzi chake cha mayi wothira mkaka, Vermeer sanatero. Wantchito wakeyo waima chilili m'khitchini, manja a malaya wapinda, mikono yafiira ndi ntchito. Wagwira mtsuko wadothi, ndipo mkaka ukutsikira mu mphika pang'onopang'ono ngati ulusi. Maso ake onse ali pa mkakapo, alibe nanu ntchito inu omuyang'ana. Patebulo pali dengu la buledi ndi zibenthu zonyemanyema. Pakhoma pali msomali wopanda chopachikapo, galasi limodzi la windo ndi losweka, pansi pali kabokosi ka makala kofunditsira mapazi m'nyengo yachisanu.

Tsono mvetsetsani apa. Epuloni ya mayiyo ndi yabuluu, ndipo buluu ameneyo sanali utoto wamba. Ankaupanga popera mwala wotchedwa lapis lazuli, wokumbidwa kumapiri a ku Afghanistan, nkuyenda nawo mtunda wautali mpaka ku Ulaya. Mtengo wake unali wosayamba. Akuluakulu akale ankausungira chovala cha Mariya, amayi ake a Yesu. Vermeer anaupaka pa epuloni ya mayi wa m'khitchini. Ine nkhani imeneyi imandikhudza mtima kwambiri, chifukwa ulemu wotere anthu otiphikira saupeza kawirikawiri.

Koma Vermeer mwini wakeyo zinthu sizinamuyendere. Mu 1672 asilikali a ku France analowa m'dzikomo, malonda a zithunzi anaima. Anamwalira mu 1675 ali ndi zaka 43, nasiya mkazi wake Catharina Bolnes ndi ana 11, ngongole zili mbwee. Wophika buledi, Hendrick van Buyten, anatenga zithunzi ziwiri ngati chikole pa ngongole ya buledi wodya ana.

Chithunzi cha mayi uja chinagulitsidwa ku Amsterdam mu 1696 pa magilda 175, ndalama za kumeneko nthawi imeneyo. Kuyambira 1908 chili ku nyumba yosungiramo zithunzi ya Rijksmuseum, mumzinda womwewo.